Mlendo m'Ndevu za Alamu Anu

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa amayi aang'ono,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi azakhali amene akukusungani. Musadabwe kuti ndikukutchulani monga amakutchulirani ana anga, komanso kuti ndikuti "inu" kwa mng'ono wanga amene ndinkamubereka kumsana ndi kumupukuta mamina. Lero ndabwera ngati wopempha, ndipo wopempha sanena kuti iwe. Foni yanu ndayesa mpaka chala chachita dzanzi, ikungoti nambalayi sikupezeka. Ndikaimbira azakhali amati mwapita kumsika, kapena mwagona, kapena mukusamba. Munthu mmodzi kusamba kangati pa tsiku? Ndiye ndati basi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndilembe kalata. Ndipatsira dalaivala wa basi ya m'mawa, ndipo wandilonjeza kuti aipereka m'manja mwanu, osati mwa wina.

Ana ali bwino ndithu. Wamkulu wayamba kuphika yekha poti ine pakhomo ndangokhala wobwera kudzasintha zovala, ndipo wamng'ono dzino lija linkagwedera lachoka. Onse awiri akudandaula za tsitsi. Akuti ine ndikawaluka mizere imakhota ngati njira ya chidakwa, ndiye tsiku lililonse amafunsa kuti amayi aang'ono abwera liti. Ndimawayankha kuti muli pa ntchito ina yofunika. Koma alamu anu sali bwino ayi. Ali m'chipatala, chiwindi chawo chikufa, ndipo chinthu chimene chingawapulumutse ndikuganiza kuti chili ndi inu. Ndikupemphani muwerenge mpaka kumapeto musanaing'ambe.

Mukukumbuka mmene anayambira kuchepa thupi chaka chino. Mimba ija imene inkatsamira chiwongolero akamaphunzitsa anthu galimoto inayamba kuphwa pang'onopang'ono, ine n'kumasangalala. Ndinanyamula mathalauza awo onse kupita nawo kwa telala kuti akawachepetse m'chiuno, ndikuuza aliyense m'njira kuti mwamuna wanga wabwerera ku unyamata. Inu mutangochoka m'tauni muno, chakudya chinayamba kuwakana. Kenako maso anasanduka achikasu, mkodzo ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo tsiku lina masana anagwa akutsika m'galimoto kuntchito kwawo. Amene anandiimbira foni ndi mayi wina amene ankamuphunzitsa tsikulo.

Dokotala amene akuwaona ndi mayi wofatsa, wosabisa mawu. Anawayeza matenda onse a chiwindi amene amadziwika, osapeza kanthu. Atandifunsa za mowa ndinaseka ngakhale sinali nthawi yoseka, poti munthu uja ndi fungo lake lomwe amathawa. Ndiye anandiuza kuti zikuoneka kuti pali chinthu chinalowa m'thupi kuchokera kunja, ndipo popeza chiwindi chafooka chikulephera kuchitulutsa, chikungozungulira m'magazi n'kumapitiriza kuwononga. Anati akanadziwa dzina lake akanadziwa chochita, chifukwa ziphe zina zili ndi mankhwala ozithetsa mphamvu, koma kungolota n'kupereka mankhwala olakwika kungawamalize msanga. Labu ya kuchipatala inayesa, koma makina awo ali ngati mlonda amene anapatsidwa zithunzi za akuba odziwika. Wakuba wachilendo amadutsa pageti n'kupatsidwa moni. Pakali pano akungowathira madzi m'mitsempha n'kumadikira.

Paja inu munkandiseka kuti ndinathera zaka zonse zija kusukulu kuti ndizikatsuka timabotolo. Lero mundilole ndikuuzeni zomwe ndimachita ndi timabotoloto, kuti mukamva zimene ndapeza musaganize kuti ndi nsanje, kapena kuti wina wandinong'oneza. Kulabu kwathu anthu amabweretsa madzi, zakudya, mafuta odzola ndi mankhwala, kuti tiwauze zomwe zili m'kati. Tili ndi makina aakulu ngati firiji yogona. Ndikabaya kadontho ka sampulo, kamalowa m'kapaipi kodzaza ndi tinthu tosalala ngati fumbi, ndipo zonse zimene zinasakanikirana m'kadonthomo zimayamba kusiyana liwiro, zina kuthamanga, zina kutsalira, mpaka zimatuluka chimodzichimodzi monga anthu amatulukira pakhomo lopapatiza. Chilichonse chikatuluka, mbali yachiwiri ya makinawo imachiika pasikelo, kenako imachiphwanya n'kuyezanso zidutswa zake. Pa kompyuta chimaoneka ngati kaphiri kosongoka. Kompyutayo ili ndi nkhokwe ya zinthu zambirimbiri zodziwika, ndiye imafananiza kulemera ndi zidutswazo n'kundiuza dzina. Ife sitifunsa makina kuti kodi chakutichakuti chilimo, timawauza kuti ationetse chilichonse chimene chilimo, ndipo apa ndi pamene timasiyana ndi akuchipatala.

Ndinapita kwa abwana anga n'kuwagwadira, zenizeni, maondo pa simenti ya mu ofesi. Anachita manyazi, anandidzutsa, n'kundilola kuti ndizigwiritsa ntchito makinawo tikamaliza masampulo a makasitomala. Anangondikumbutsa lamulo lawo limene amatiimbira ngati nyimbo, loti bulanki choyamba. Bulanki ndi kabotolo kopanda sampulo, kongokhala ndi mankhwala osungunulira okha. Timayamba tabaya kameneko kuti titsimikize kuti makina ndi oyera, kuopa kunamizira munthu ndi litsiro lathu lomwe. Anatinso munthu amene mtima uli m'mwamba amaona zimene akufuna kuona, choncho chilichonse chomwe ndingapeze ndiziwasonyeza iwo kaye.

Mkodzo wa munthu, amayi aang'ono, ndi msika. Nditabaya wa alamu anu timapiri tinadzaza kompyuta yonse, tina pamwamba pa tinzake, mutu wanga unaima. Muli zonse zimene munthu wadya, wamwa, wadzola, ndi zimene thupi limapanga lokha. Ndiye ndinaganiza kuti popeza timadya za mumphika umodzi, nditenge wanga ndi wa ana, ndipo chilichonse chomwe chikupezeka mwa tonse ndichichotse. Wamng'ono anakana kaye, ati amayi mwapenga, mpaka ndinachita kumunyengerera ndi maswiti. Ndinachotsa zathuzo, ndinachotsa mankhwala amene akuwapatsa kuchipatala, ndinachotsanso zimene thupi limatulutsa chiwindi chikadwala. Timapiri tinapita tikuchepa mpaka panatsala kamodzi, katali, kotuluka mochedwa, koima pakokha. Nditafunsa nkhokwe ija inandiyankha kuti sikukadziwa. Abwana anakayang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti tapeza mlendo, ndipo kuyambira tsikulo kulabu tonse timangokatchula kuti Mlendo.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma wathuyu kalumo kake akuchekera mwamuna wanga. Za iyeyu ndikudziwa zambiri, kupatula chimene ndikufuna. Ndikudziwa kulemera kwake mpaka kunsonga. Ndikudziwa kuti ali ndi kolorini, chifukwa zinthu za kolorini zimaoneka ndi kamthunzi kake pambali. Zidutswa zake zikufanana ndi za mankhwala ena ochepetsa thupi amene analetsedwa kalekale atapweteka anthu, koma pali kachidutswa kamodzi kosiyana. Alipo anthu oipa mtima amene amatenga mankhwala oletsedwa, n'kusintha kanthambi kamodzi kuti makina asawazindikire, kenako n'kuwathira m'masamba n'kumagulitsa ngati tiyi wachilengedwe. Ndinathamangira kwa dokotala ndi nkhaniyi ndikuyesa ndamaliza. Anandiyankha kuti ndawabweretsera dzina la msuweni pamene iwo akufuna mwiniwake, poti kanthambi kameneko kakamera uku thupi limachita zina, kakamera uko limachitanso zina. Makina athu sangandiuze pamene kanamera. Ndinatuluka mu ofesi mwawo.

Apa ndinati ngati sindingadziwe dzina, ndipeze kumene Mlendoyu amachokera. Nyumba ija mukanaiona mukanalira. Ndinatapa pang'ono pa chilichonse, masamba a tiyi, shuga, mchere, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, sopo, polishi wa nsapato, madzi a pampopi, ngakhale fumbi la pansi pa bedi. Ndinatembenuza matumba a majekete onse. Ndinapita kuntchito kwawo n'kupukuta chiwongolero ndi thonje, n'kuthothola kanthu konunkhiritsa kamene kamalendewera pagalasi. Mayi amene amawagulitsa chakudya chamasana ndinamupempha msuzi m'kabotolo. Anandiyang'ana ngati ndabwera kudzamutsekera bizinesi, n'kundiuza mokwiya kuti ndisamuvutitse, abambowo anasiya kalekale kudya kwa iye. Mawu amenewo ndinawamva koma sindinawaike kumtima. Zonse ndinabaya m'makina, ndipo Mlendo sanapezeke paliponse.

Chinandithandiza ndi ndevu. Ha, ndevu zomwe zija! Zaka zonsezi ndakhala ndikulimbana nazo, kuwagulira malezala, kuwanyoza kuti akuyenda ndi tsache pachibwano, anthu mpaka kuiwala dzina lawo n'kumangoti a Chindevu, eni ake osatekeseka. Tsitsi limasunga mbiri. Chimene chili m'magazi pamene tsitsi likumera chimatsekeredwa momwemo, ndipo likamakula chimasunthira kunsonga, moti ukalidula m'tizidutswa motsatana umawerenga miyezi ngati pakalendala. Ndinapita ku wodi ndi sizasi ya kulabu. Ndinadula kamtolo kumanzere kwa chibwano, pafupi ndi khungu, n'kukamanga ndi ulusi kuti ndisasokoneze kumutu ndi kumchira. Anamwino anandipeza ndili pa ntchitoyo, anangoti kukamwa yasa, kaya ankaganiza kuti ndikupita nazo kuti. Eni ake ndevu sanamve n'komwe.

Kunsonga, kumene kuli ndevu zakale, kunali koyera. Ndinabaya kachidutswa ndi kachidutswa ndikubwera chakukhungu, kuli zii, mpaka mwadzidzidzi Mlendo anatulukira, wamng'ono poyamba, kenako n'kumakula kachidutswa kalikonse. Nditawerengera mmene ndevu zimakulira, ndinapeza kuti anayamba kulowa m'thupi chakumayambiriro kwa chaka, mwezi umene inu munatsanzika pakhomo pathu kuti mwakula, mwapeza chipinda chanu kuseri kwa saluni imene munkagwirako ntchito. Mulungu ndi mboni yanga, za inu sindinaganize n'komwe. Ndinangophatikiza ndi mawu a mayi wa chakudya uja n'kudziwa kuti mwamuna wanga ali ndi khomo lina kumene amadya masana. Ndinakhala pampando wa kulabu n'kulira, ndikuti mapanga awiri avumbwitsa, onani tsopano. Ndipo mukudziwa amene ndinafuna kumuimbira kuti ndimulirire? Ndinaimba nambala yanu, koma inali yozima.

Lachinayi lapitali masana ndinali kuwamwetsa madzi ndi supuni. Masiku ano nzeru zimabwera n'kuchoka, dokotala akuti ndi mmene zimakhalira chiwindi chikasiya kusefa magazi. Nthawi zina amandiyesa amayi awo, nthawi zina amalangiza wophunzira kuti aponde buleki. Tsikulo anameza madziwo, anakwinya nkhope, n'kundigwira dzanja mwachikondi, mmene sanandigwirepo chaka chonsechi. Anati:

"Mzime, tiyi wako lero wawawitsa. Koma ndimwa, usakwiye."

Padziko pano Mzime wathu ndi mmodzi, ndipo dzinalo ndinakupatsani ndine, tsiku limene amayi anatiuza kuti pambuyo panu sipadzabweranso wina. Ndinamaliza kuwamwetsa madziwo, ndinawapukuta ndevu, ndinawafunditsa bwinobwino, kenako ndinapita kunyumba wapansi chifukwa ndinaiwala kuti kuli mabasi.

M'njira monse ndinkadziuza kuti ndi kubwebweta kwa wodwala. Koma nditafika ndinapita molunjika ku katoni ija munabweretsa tsiku lotsanzika kuti mukupita kwa azakhali, imene munati ndi zinthu zanga zomwe ndinakubwerekani pokayamba moyo wanu. Inali pamwamba pa kabati, sindinaitsegule chibweretsereni, ndipo pofufuza paja ndinaidumpha poti ndinkati za kwa mng'ono wanga zikukhudzana bwanji ndi alamu ake. Munali simbi yositira, mapoto, nsalu ya pawindo, ndi fulasiki yofiira ija. Fulasikiyo inali yotsukidwa mpaka kuwala, ndipo ndinadabwa, chifukwa inu ndi kutsuka mbale simunagwirizanepo chibadwire. Koma mphira wa pachivindikiro munauiwala. Mphira umamwa zinthu, ndipo sopo safika m'kati mwake.

M'mawa mwake ndinauviika m'mankhwala osungunulira n'kudikira. Ndinayamba ndi bulanki monga mwa lamulo. Amayi aang'ono, chiyambireni ntchito imeneyi ndakhala ndikupemphera kuti bulanki ituluke yoyera, koma tsiku limenelo ndinapemphera kuti ituluke yakuda. Ndinkafuna Mlendo aonekere m'bulankimo, kuti ndinene kuti makina ndi amene adetsedwa, ndakhala ndikuthamangitsa litsiro langa lomwe, mwamuna wanga ndi mng'ono wanga alibe mlandu. Inatuluka yoyera. Ndinabaya ina, yoyeranso. Nditabaya za mumphira, Mlendo anaima pamalo ake omwe aja, kulemera komweko, zidutswa zomwezo, wamtali mpaka kupitirira pamwamba pa kompyuta. Abwana anasangalala, ati tapeza gwero, n'kundifunsa kuti fulasikiyo ndi ya ndani. Ndinawayankha kuti ndi ya kunyumba kwathu, ndipo sindinaname.

Sindikubisirani, ndakwiya. Ndakwiya moti ndikamalemba chonchi cholembera chikuboola pepala. Ndinakulerani ine amayi atamwalira, munagona pabedi limodzi ndi ana anga, ndipo tsiku losamuka alamu anu ndi amene ananyamula matiresi anu pagalimoto, ine ndikuwauza kuti azikakuzondani pafupipafupi poti mtsikana kukhala yekha n'koopsa. Anamveradi, sanaphonye. Pali nthawi imene ndimafuna nditakuonani kuti ndikuthireni mbama, pali nthawi imene ndimafuna nditawagwedeza pabedipo kuti adzuke andiyankhe. Koma mkwiyo wanga ungathe kudikira, chiwindi chawo sichingadikire. Za mmene zinayambira, anayamba ndani, kangati, sindikufunsani, lero kapena mawa. Makina anandiuza zokwanira.

Ndikudziwanso kuti simunafune kuwapweteka. Inu ndi amene munkawaseka za mimba ija patebulo, kuwafunsa kuti mwana abadwa liti, tonse n'kumafa ndi phwete. Kusaluni kumabwera anthu ndi zikwama zawo, uyu mafuta oyeretsa, uyu tiyi wosungunula mafuta a m'thupi, aliyense kulumbira kuti zake n'zachilengedwe. Munagula, munawaphikira ndi mtima wabwino, iwo n'kumamwa ngakhale akuwawa kuopa kukukhumudwitsani. Ndikuganizanso kuti mutamva kuti adwala munachita mantha, n'chifukwa chake foni munazimitsa. Musaope ine. Dokotala sindinawauze dzina lanu, abwana sakudziwa, azakhali sindinawauze kanthu, ndipo apolisi sindikuwafuna.

Koma musaganize kuti kukhala chete kumeneku sikukundipweteka. Mlongo wawo wa alamu anu amabwera ku wodi tsiku lililonse, ndipo anamwino aja anamuuza za ndevu. Tsopano akuyenda akunong'oneza abale kuti mkazi wogwira ntchito ya ziphe, wodula ndevu za mwamuna wake ali chigonere, afunsidwe bwino. Ndikabweretsa chakudya amayamba wachinunkhiza. Lamlungu anandifunsa pamaso pa anthu onse a m'wodimo:

"Mlamu, zimene mumasakaniza kuntchito kwanuzo, zina simubwera nazo kunyumba?"

Yankho linali pamlomo, ndipo fulasiki inali m'chikwama changa momwemo. Ndikanangoitulutsa n'kutchula dzina limodzi, mwezi uno ndikanagona ngati munthu wopanda mlandu. Chibale ndi fupa, sichiola, ngakhale fupalo litakutsamwa pakhosi. Ndinamuuza kuti ayi, sindibwera nazo.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Za mumphira zija zinali zochepa kwambiri, ndipo zatha. Abwana alankhula ndi anzawo a kuyunivesite amene ali ndi makina ena, otha kuona mmene chinthu chinalumikizidwira nthambi ndi nthambi, ndipo alonjeza kuti akalandira sampulo asiya zonse n'kuyamba yathu. Koma makina amenewo sagwira ntchito ndi fungo lokha ngati athuwa, amafuna chinthu chooneka ndi maso, ngakhale cha kunsonga kwa supuni. Kusaluni ndinapitako, eni ake akuti ogulitsa ndi ambiri, sangadziwe. Chipinda chanu muli kale munthu wina, anasesa n'kutentha zonse. Ndinafukula dzala la kuseri ndi manja angawa anthu akundionerera, osapeza kanthu. Ndasowa mtengo wogwira, mwatsala ndinu nokha.

Ngati tiyiyo munapita naye, nditumizireni yense. Ngati watha, nditumizireni paketi yake, ngakhale yopanda kanthu, ngakhale yong'ambika, chifukwa m'makona mumatsalira fumbi. Musaitsuke, musaipukute, musaikung'unthe, musalowetsemo chala. Muikulunge m'pepala loyera n'kuiika mu envulopu, osati m'jumbo imene munasungiramo mankhwala a tsitsi, kuopa kundibweretsera alendo ena. Ngati munataya, ndilembereni chilichonse chomwe mukukumbuka, mtundu wa paketi, chithunzi chomwe chinalipo, amene anakugulitsani ndi kumene amapezeka. Dalaivala yemweyu abwerera kuno mawa lake, mum'patse iyeyo. Simukuyenera kulemba moni kapena kupepesa, envulopu yokha ndi yokwanira. Ine ndikakhala ndili pa depoti basi isanafike.

Musachedwe, chonde, madzi afika m'khosi. Poyamba ankadzuka ndikafika, n'kufunsa za ana. Tsopano amagona nthawi yambiri, ndipo mimba imene tinkasangalala kuti yaphwa yatupanso, koma ndi madzi. Dokotala aja ankandiyang'ana m'maso polankhula, masiku ano amayang'ana fayilo. Dzulo anandiitanira pakhonde n'kundifunsa ngati abale akutali ndawadziwitsa, ndipo inu mukudziwa tanthauzo la funso limenelo. Ndinawapempha kuti andipatse masiku ochepa, ndikubweretsa dzina. Anangondigwira paphewa. Ndikakhala pambali pa bedi ndimapesa ndevu zija kuti ndibise pamene ndinadula, chifukwa akadzuka n'kupeza chibowo pachibwano nkhondo yake sindingaithe. Ndalumbira kuti akachira sindidzawaguliranso lezala ngakhale limodzi.

Tsopano ndisiye za inu inu, zanditopetsa. Mzime, mwana wa amayi anga, tamvera. Pali china chimene makina sanandiuze, ndachiona ndi maso anga a munthu wobereka kawiri. Tsiku unabweretsa katoni lija unathawa kukhitchini nditangoyamba kukazinga anyezi, ndipo diresi unavala linali lalikulu, iwe amene umakonda zothina. Sabata yatha azakhali anandifunsa pafoni ngati shawelo ya wamng'ono ndikanali nayo, kenako anadziluma lilime n'kuyamba kukamba za mvula. Sindikufunsa kanthu, miyezi ndimadziwa kuwerenga ndekha. Ndikungokuuza kuti ngati tiyi uja nawenso unkamwa, kapena ukumwabe pofuna kubisa thupi, usiye lero lomwe, usamwenso ngakhale kapu imodzi. Upite kusikelo ya amayi oyembekezera, uwauze kuti akuyeze chiwindi, usachite manyazi. Chimene chagwetsa chimwamuna chonse chija chingatani ndi kanthu kamene sikanaone n'komwe dzuwa? Ndikaganiza zimenezi mtima umandithawa, chifukwa sindingathe kudikirira anthu awiri m'zipatala ziwiri.

Undiperekere moni kwa azakhali, uwauze kuti shawelo ilipo, ndaichapa kale, ndidzapatsira dalaivala yemweyu. Ana akupereka moni wambiri, wamng'ono akuti dzino lake wakusungira kuti udzalione. Alamu ako akanatha kulankhula bwino akanapereka wawo, koma dziwa kuti dzina lako silichoka pakamwa pawo, ndipo akaitana ine ndimangoyankha kuti ndili pano. Moni wanga womaliza upite kwa mlendo amene ukumuyembekezerayo. Iyeyo alibe mlandu. Mlendo wa m'ndevu ndikufuna dzina lake kuti ndimuthamangitse, koma wakoyo ndikufuna akadzafika adzapeze bambo woti amutche dzina, bambo yemweyo amene ana anga akumudikira pawindo madzulo alionse.

Ndine mkulu wako yemwe uja,
amene anakubereka kumsana.

Ndayiwala kubwereza. Paketiyo usaitsuke, Mzime. Ndakudziwa tsopano, ukachita mantha umatsuka.